Mtima Ukaleka Kulakalaka Kutali

Mwezi wa Novembala ukafika pakati, pamene dzuwa la mumzinda wa Tete limaotcha munthu ngakhale ali pamthunzi, pamakhala funso limodzi limene limamveka m'maofesi, m'masukulu ndi pabwalo la tchalitchi anthu akatuluka m'mapemphero: "Tchuthi cha chaka chino mukapumira kuti?" Achinyamata sachedwa kuyankha. Wina atchula Beira, wina Maputo, wina Joni, nkhope zili ngwee ngati afika kale. Koma mukafunsa bambo kapena mayi amene wapitirira zaka 45, amayamba wausa moyo, kenaka n'kuyankha motsitsa mawu ngati munthu wopepesa: "Ife chaka chino tingokwera kumudzi."

Awerengi okondedwa, ambiri a ife amene timayankha chotero lero tinali oyenda osatopa. Panali nthawi imene kulira kwa basi m'bandakucha kunkatidumphitsa mtima ndi chimwemwe. Lero chikwama chapaulendo chili pamwamba pa kabati, ndipo timachiyang'ana monga momwe mlimi wotopa ayang'anira khasu. Ena zimenezi zimawadetsa nkhawa, naganiza kuti ukalamba wawalowa nthawi isanakwane, kapena kuti asanduka aulesi. Ine ndiona kuti chimene chimachepa pa msinkhu wapakati ndi njala yoona malo atsopano, ndipo pamalo pake pamamera njala ina, yofuna kukhala nthawi yokwanira ndi anthu ndiponso malo amene tikudziwa kuti sitidzakhala nawo mpaka kalekale. Njala yachiwiriyi nayonso ili ndi ulendo wake, ndipo ulendowo uyenera kukonzedwa bwino.

Mmene tinaphunzirira kuyenda

Kuti timvetse kutopa kwa lero, tiyenera kukumbukira kumene kuyenda kwathu kunayambira. Munthu wa ku Angonia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde amene lero ali ndi zaka 50, anali mwana m'zaka za m'ma 1980 pamene nkhondo inafika m'madera athu. Ulendo wake woyamba wautali sanaukonzekere. Unali ulendo wa usiku, wapansi, mtolo pamutu, amayi atabereka khanda nalitseka pakamwa ndi bere kuti lisalire, mpaka kuoloka malire kulowa m'Malawi kapena m'Zambia. Dziko la Malawi lokha linasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni ochokera kwathu kuno. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, makamaka mu 1993 ndi 1994, napeza midzi yawo itamera tchire.

Tsono kwa mbadwo umenewu, kuyenda masana pamsewu waukulu, popanda kutchera khutu ku kulira kwa mfuti, kunali chinthu chokoma chosaneneka. Tinayenda monga ana a ng'ombe otsekulidwa m'khola m'mawa. Amene anapeza malo a sukulu kapena ntchito ku Maputo anaudziwa bwino msewu wa makilomita oposa 1,500 uja: kuchoka ku Tete kusanache, kudutsa Changara, Guro ndi Catandica, kufika ku Chimoio, kukhotera kummwera pa Inchope, kugula nanazi pawindo pa Muxungue, kuoloka mtsinje wa Save, ndi kuona kwa nthawi yoyamba mitengo ya kokonati ya ku Inhambane itaima mizeremizere. Panjira tinkagona m'basi momwemo, mutu pachikwama, miyendo itapindidwa pansi pa katundu wa eni ake, ndipo kutacha tinkatsika tikuseka. Mwana wa kumapiri akaona nyanja yamchere koyamba, amaiwala msana wake wonse.

Ena analoza ku Joni, kudzera pa Cuchamano ndi Nyamapanda, kudutsa Harare, n'kukaima pamzere wautali pa Beitbridge asanaoloke Limpopo. Mu 2005 maboma a Mozambique ndi South Africa atagwirizana zochotsa viza kwa oyenda masiku ochepa, njira imeneyi inapondedwa koposa. Pa Disembala anthu ankabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi nkhani zosatha, mudzi wonse n'kusonkhana kudzamva. Masiku amenewo kuyenda kunkampatsa munthu ulemu. Woyenda kutali ankaoneka wodziwa zinthu, ndipo mawu ake ankamveka pabwalo.

Chimene chasintha

Choyamba kusintha ndi thupi, ndipo ilo silifunsa chilolezo. Mpando umene unali wabwinobwino tili ndi zaka 25, lero umatisiya ndi msana wouma kwa sabata lathunthu. Mapazi amatupa. Amene ali ndi nthenda ya shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayenera kudya ndi kumwa mankhwala pa nthawi yake, pamene basi ili ndi nthawi yakeyake, ndipo woyendetsa saima chifukwa munthu mmodzi wafuna kutaya madzi. Tulo nato tayamba kusankha pogona. Mnyamata amagona pabenchi n'kulota, koma bambo wa zaka 50 amatembenuka usiku wonse ngakhale pabedi labwino la m'nyumba ya alendo.

Chachiwiri ndi thumba. Wachinyamata amalipira mpando umodzi, ndipo kumene akupita amadya za achibale. Wa msinkhu wapakati amalipirira mkazi, ana, kawirikawiri ndi mwana wamasiye wa mbale wake, ndipo kumene akupita ndiye amayembekezeredwa kutulutsa ndalama. Tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwa mu Disembala ndi Januwale, nthawi yomweyo imene kumunda kukufunika feteleza ndi aganyu opalira, ndiponso pamene kulembetsa ana m'sukulu, mayunifolomu ndi makope zili pakhomo. Choncho munthu amakhala m'mphepete mwa nyanja ku Beira, thupi lili pamchenga, mutu ukuwerengera matumba a feteleza.

Chachitatu ndi maso. Zinthu zimene tinkapita kukadabwa nazo kutali zinatitsatira. Chiyambire pamene migodi ikuluikulu ya malasha inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, mzinda wa Tete unadzaza masitolo, mahotela ndi magalimoto amene kale tinkangowaona kummwera. Nyanja, nyumba zosanja ndi misewu ya m'mizinda yakutali mwana amazionetsa agogo ake pafoni atakhala pamphasa. Ndipo munthu amene waona misika khumi ya m'matauni amayamba kuzindikira kuti wa khumi ndi umodzi udzafanana ndi inzake.

Pali chachinayi chimene sitichitchula kawirikawiri. Anthu a msinkhu wapakati sanaleke kuyenda. Mwina amayenda koposa achinyamata, koma maulendo awo ambiri ndi a maliro ndi matenda. Foni ikalira pakati pa usiku, iwo ndiwo amanyamuka. Iwo ndiwo amaperekeza wodwala kuchipatala chachikulu, nafunafuna galimoto yonyamula bokosi. Munthu amene chaka chino wakwera chapa kasanu ndi mtima wosweka, sangaone msewu monga malo achisangalalo. Onjezanipo zimene maso athu anaona: abale obwera chimanjamanja kuchokera ku South Africa pa chipolowe chothamangitsa alendo mu 2008, magalimoto oyenda pamndandanda woperekezedwa ndi asilikali pakati pa Save ndi Muxungue mu 2013 ndi 2014, ndiponso mu 2016, namondwe Idai amene anadula msewu wa ku Beira mu 2019, ndi kutsekedwa kwa malire chifukwa cha mliri wa Covid-19 mu 2020. Chaka cha mliricho ambiri anapumira pakhomo mokakamizidwa, nadabwa kuona kuti abwerera kuntchito ali ndi mphamvu kuposa zaka zimene ankayenda kutali.

Msewu wokwera ku Angonia

Tsono tiyeni tiuone ulendo umene ambiri a ife tausankha m'malo mwake, umene timautchula mopepesa uja. Kuchoka ku Tete kufika pa Ulongwe ndi makilomita pafupifupi 230. Wonyamuka m'mawa amakadya nsima yamasana kwawo.

Ulendo umayamba ndi kuoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, umene unamalizidwa mu 1973. Patsogolo pang'ono pali mtsinje wa Revubwe, umene madzi ake amachokera kumapiri komwe tikupitako. Tikadutsa Moatize ndi fumbi lake lakuda, timalowa m'dziko la milambe, masau ndi mbuzi. M'mbali mwa msewu muli matumba a makala oimikidwa ngati anthu odikira galimoto, ndi ana ogulitsa malambe. Kuno nthaka ndi youma, miyala ili mbuu, ndipo mphepo yolowa pawindo imakhala ngati ikuchokera m'ng'anjo.

Pa Mussacama msewu wathu umasiyana ndi wa ku Zobwe, n'kuloza kumpoto. Kuyambira pamenepo galimoto imayamba kulira mosiyana, pakuti yayamba kukwera. Palibe chikwangwani chimene chimalengeza kusinthako, koma woyenda wodekha amakuona. Milambe imayamba kuchepa mpaka kutheratu. Nthaka imasanduka yofiira. Minda ya mizere imayamba kuoneka m'malo mwa tchire, ndipo m'madambo muli madimba a kabichi, tomato ndi anyezi. Amayi amene anakwera akudzipepesa ndi nsalu chifukwa cha thukuta, amayamba kufunda nsalu yomweyo. Mzinda wa Tete uli m'chigwa chosafika mamita 200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi yotentha kumapitirira madigiri 40. Ulongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300. M'maola owerengeka munthu amachoka m'chilimwe choopsa n'kulowa m'dziko limene usiku umafuna bulangete. Anthu olemera a m'maiko ena amalipira ndalama zambiri kufunafuna kusintha kwa mphepo kotere. Ife tili nako pa mtengo wa chapa.

Kumtunda kuno ndi nkhokwe ya chigawo chathu. Chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere, soya ndi fodya zimachokera kuno, ndipo ku Tsangano kumalimidwa ngakhale tirigu. Ngolo zokokedwa ndi ng'ombe zimapikisana msewu ndi njinga zamoto. Kummawa, msewu wa m'Malawi wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda m'malire enieni, kotero kuti pamsika wa Lizulu munthu amagula mbali ino n'kukafuna chenji mbali inayo, chilankhulo chili chimodzi, mabanja ali amodzi. Mu Disembala, mvula itagwa, dziko lonse limabiriwira. Ana amatola bowa ndi ngumbi, ndipo m'mawa nkhungu imagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kolasa mafupa, anthu n'kumaothera moto ngakhale masana.

Pamwamba pa zonsezi paima phiri la Domwe, lotalika kupitirira mamita 2,000. Phiri limeneli lili ndi phunziro kwa oyenda otopa. Angoni a kwa Maseko, amene dzina la Angonia linachokera kwa iwo, anali oyenda oposa ife tonse. Anachoka kummwera kwa Africa m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, naoloka Zambezi, nayenda mpaka kukafika ku Songea m'dziko la Tanzania. Koma cha m'ma 1870 anabwerera nadzakhazikika m'tsinde mwa Domwe, namanga makola, nalima. Palibe amene anawatcha aulesi chifukwa chokhazikika. Anayenda pamene nthawi inali ya kuyenda, ndipo itakwana nthawi yomanga mudzi, anamanga.

Kufika ndi kukhala

Pamene tinali achinyamata tinkawerenga tchuthi ndi makilomita: tafika kuti, tadutsa mizinda ingati. Pa msinkhu wapakati tiphunzire kuchiwerenga ndi masiku amene takhala pamalo amodzi. Wantchito wokhazikika m'dziko lathu amalandira masiku 30 a tchuthi pachaka. Ambiri a ife takhala tikupatsa mudzi masiku awiri kapena atatu okha, otsala pambuyo pa maulendo ena. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Komatu mwana wa pakhomo sayenera kukhala mame kwa amayi ake.

Masiku awiri oyamba munthu amalandiridwa monga mlendo. Nkhuku imaphedwa, thobwa limafululidwa, mpando wabwino umatulutsidwa, ndipo mukafunsa za moyo aliyense amayankha kuti tili bwino. Ukakhala mpaka tsiku lachisanu, nkhuku zitatha, utayamba kudya nkhwani ndi nyemba pamodzi ndi onse, m'pamene mudzi umayamba kukuuza zoona. M'pamene umaona kuti amayi akupapasa khoma potuluka m'nyumba chifukwa maso achita khungu, kuti denga la kuchipinda kwawo likudontha, kuti mankhwala amene unatumiza miyezi itatu yapitayo sanamwedwe chifukwa panalibe wowawerengera malangizo. M'pamene atsibweni amakutengera kumunda nakuonetsa mtengo ndi chulu zimene zili malire, malire amene sanalembedwe papepala lililonse ndipo adzabutsa mlandu iwo akadzapita. M'pamene madzulo, pamoto, agogo amayamba kutchula mayina a makolo, mfunda wa banja, ndi mudzi umene munachokera musanathawe nkhondo. Zinthu zotere sizinenedwa pafoni, ndipo sizinenedwa kwa munthu amene galimoto yake ikulira panja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa m'pamene pagona nkhani. Nyanja ya ku Beira idzakhalapo chaka chamawa ndi zaka zonse zikudzazo. Nkhalamba ya zaka 80 imene imationa kamodzi pachaka, masiku atatu okha, ingathe kuwerenga pa zala zake nthawi zimene zatsala kuti tidye nayo m'mbale imodzi. Mtima wa munthu wa msinkhu wapakati umadziwa chiwerengero chimenechi ngakhale pakamwa sipanena, ndipo n'chifukwa chake umaleka kukokera kutali.

Tchuthi ndi cha banja lonse

Komabe, abambo anzanga, pali chenjezo. Tchuthi cha kumudzi chimene kwa ife ndi mpumulo, kwa amayi a kunyumba chingathe kukhala ntchito yoposa ya m'tauni. Ife timakhala pansi pa mtengo kucheza ndi anzathu akale, pamene iwo akutunga madzi, kuphika pamafuwa utsi uli m'maso, ndi kutumikira apongozi ndi alamu kuyambira m'mawa mpaka usiku, monga mtengwa amene maso onse ali pa iye. Akanena kuti chaka chino sakufuna kupita, tisafulumire kuwatcha onyada. Tikambirane tisananyamuke: masiku angati kwa mwamuna, masiku angati kwa mkazi, pakuti nayenso ali ndi makolo okalamba, ndani adzathandiza kukhitchini, ndi masiku angati amene adzakhala a kupuma kwenikweni pakhomo pathu, popanda mlendo ndi popanda ulendo.

Chimodzimodzinso ana. Kutopa kwathu sikutopa kwawo. Iwo ali pa msinkhu umene ife tinali pamene tinkagona m'basi tikuseka, ndipo n'koyenera kuti aone dziko lawo ndi maiko a eni. Kholo limene linayenda mpaka kukhuta lisatseke chitseko kwa mwana amene sanalawe. Ngati thumba lilola, mwana wamkulu apite kukaona nyanja ndi anzake odalirika kapena kwa achibale, ife titamupatsa malangizo ndi dalitso. Koma tiwapemphenso sabata limodzi la kumudzi, pakuti ana ambiri obadwira m'tauni akukula ndi Chipwitikizi chokha, ndipo akafika kwa agogo amangoyang'anana ndi kumwetulirana ngati anthu okumana pamalire. Masiku ochepa oweta ng'ombe ndi asuweni awo amawabwezera mawu amene sukulu singawapatse.

Zapafupi zimene sitinazione

Si onse ali ndi mudzi wobwererako. Ena makolo anatha, ena nkhondo inabalalitsa mudzi wonse. Kwa iwowa, ndi kwa ife tonse, pali malo apafupi amene tinawadumpha pothamangira kutali. Alipo anthu ambiri mu Tete amene amaidziwa Johannesburg koma sanafikepo ku Songo, pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 okha, kukaona damu la Cahora Bassa limene linamalizidwa mu 1974, khoma lake lotalika mamita 171 litatsekereza Zambezi pakati pa mapiri, ndi nyanja yake imene asodzi amawedzamo kapenta usiku ndi nyali. Magetsi ake timawayatsa tsiku ndi tsiku, ndipo kuyambira mu 2007 gawo lalikulu la damulo lili m'manja mwa dziko lathu. Pafupi koposa, kumtunda kwa mtsinje kuchokera mumzinda, pali Boroma ndi tchalitchi chake chakale cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, choimirira paphiri moyang'ana Zambezi. Amenewa ndi maulendo a tsiku limodzi kapena awiri, oti munthu apite ndi mkazi wake mosathamanga, n'kubwerera msana uli bwino ndi thumba lisanabooke.

Mawu amodzi owonjezera ndi ofunika. Kuleka kulakalaka maulendo aatali n'kosiyana ndi kuleka kulakalaka chilichonse. Ngati mbale wathu sakufunanso kuyenda, komanso sakufuna kudya, kucheza, kugwira ntchito kapena kusonkhana ndi anzake, ndipo wakhala chotero masabata ambiri, kumeneko sikukula ayi. Kungathe kukhala kudwala kwa thupi kapena kwa maganizo. Timuyendere, timumvetsere, ndipo timuperekeze kuchipatala.

Koma ngati mtima wanu uli wamoyo, ukukondwa ndi mvula yoyamba, ndi kuseka kwa adzukulu, ndi nsima ya ufa wa kumunda kwanu, ndipo chimene chachepa ndi chilakolako chokha cha misewu yaitali, musadandaule ndipo musachite manyazi. Madzi saiwala khwawa. Konzani tchuthi chanu molingana ndi msinkhu wanu: sankhani malo amodzi, nyamukani m'mawa, tengani mankhwala anu ndi chovala chofunda, ndipo kumene mukupitako kakhaleni masiku okwanira kuti akuluakulu akuuzeni zonse zimene akhala akusungira tsiku limene simudzakhala pa liwiro. Muyende bwino, ndipo mukapereke moni kwa onse kumudzi.